Malalanje a aMaloko Atayamba Kuwawasa

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, aMaloko ankayamba apita kuseri kwa nyumba kukawerenga pansi. Madzulo ankasesa pansi pa mtengo wa malalanje mpaka dothi kusalala ngati tebulo, ndiye kukacha ankaima m'mphepete, manja kumbuyo, n'kumayang'ana ngati padutsa phazi. Ankadziwa phazi la mphaka, la nkhuku za telala woyandikana nawo, ndi kanjira ka bongololo. Akapeza phazi la munthu, tsiku limenelo m'nyumba simunkakoma.

Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa chilichonse chawo chinali ndi loko. Kabati ya shuga loko, mpopi wa panja loko, chimbudzi loko, ngakhale ndowa ya makala inali ndi katcheni kake. Makiyi ankawamanga pa chingwe cha nsapato n'kuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi, moti munthu ankawamva akubwera asanawaone. Sanali ouma mtima ayi. Mwana wa mnansi akadwala ankapereka shuga wodzadza kapu, kungoti kapuyo ankaiperekeza ndi maso mpaka itatuluka pa geti, ndipo isanabwerere tulo sankatipeza.

Anthu akale mumsewumo ankati sanabadwe choncho. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda chosungira zofunda pa sukulu ina yogonera komweko. Chaka chachiwiri kunasowa mabulangete, ndipo mnzawo amene ankadya naye mbale imodzi ndi amene anawaloza chala, chikhalirecho mabulangetewo anali kunyumba kwa mnzawoyo. Nkhani inatha, ntchito inapitirira, koma kuyambira pamenepo munthu akawasekerera, aMaloko ankayamba aona manja ake kaye.

Mtengo wa malalanjewo anadzala ndi malemu amuna awo chaka chimene anafolera nyumba. Malemuwo ankasamalira maluwa ndi kapinga pa maofesi ena m'tauni, munthu wosalankhulalankhula, wa zikhadabo zakuda nthawi zonse. Malalanje ake anali a khungu lopyapyala, otsekemera moti ana ankanyambita zigongono. Za mitengo aMaloko sankazilowerera. Ankati zawo n'zofunda, zadothi n'za bambo. Bambowo atamwalira, zaka zinayi zapitazo, ndi pamene anayamba kusesa pansi pa mtengowo ndi kuulondera ngati khanda.

Mwana wawo womaliza, dalaivala wa thiraki, anabweretsa mkazi chaka chathachi. Anali mtsikana wamanyazi, woyankha akuyang'ana zala za kumapazi, ndipo anthu sanachedwe kumutcha Chete. Anabwera ali woyembekezera. Mwamuna wake ankachoka masabata awiri, atatu, ndiye m'nyumbamo munkatsala anthu awiri, kenako atatu mwana atabadwa. Chete ankachapa, ankakolopa, ankapempha kiyi wa mpopi n'kubweza m'manja. Madzi otsukuluzira matewera ankawathira kuseri, cha kumpanda, chifukwa ngalande ya pa bafa inali yotsekeka.

Chaka chimenecho mtengo unabereka kwambiri, koma zipatso zake zinali zachilendo. Zinali zikuluzikulu, zokhakhala ngati chidendene, zokhala ndi kansonga kumunsi, ndipo m'malo mofiira zinangosanduka zachikasu. AMaloko anathyola chimodzi, anachisenda movutikira chifukwa khungu linali lochindikala, n'kuika kachidutswa m'kamwa. Chete anali pa khonde akuyamwitsa. Anaona nkhope ya apongozi ake ikukwinyika, diso limodzi kutsinzina lokha. AMaloko analavula, anathyola china cha mbali ina, analavulanso. Anathyola zisanu ndi chimodzi. Zonse zinali zowawasa zogwetsa mano.

Woyamba kuganiziridwa anali telala. Anakanganapo kale pa nkhani ya nthambi zolowera kumpanda kwake, ndiye aMaloko anakamufunsa pa shopu yake, makasitomala ali pompo, ngati anakhomera msomali mumtengo wawo. Telalayo anavula magalasi n'kunena kuti iye amadziwa singano basi, msomali akafunse kalipentala. Kenako anaganizira madzi a mumpopi, akuti masiku ano akununkha mankhwala. Kenako anasiya kufunsa anthu, n'kuyamba kukhala pa mpando wa pa khonde madzulo, akuwerenga ndi zala. Zaka makumi awiri mtengo unkatsekemera. Mpanda ndi womwewo, dothi ndi lomwelo, telala ndi yemweyo. Chatsopano pakhomopo chinali chimodzi chokha, ndipo chinali chikuyanika matewera pa chingwe.

Sananene mwachindunji. Anayamba ndi madzi, akuti azikatayidwa ku ngalande ya kumsewu. Chete anayamba kunyamula beseni kudutsa pa geti kanayi pa tsiku. Tsiku lina anapeza apongozi akewo atawerama pa beseni akununkhiza. Mchere unachoka pa shelefu n'kulowa m'kabati ya loko. Tsitsi lochoka m'chipeso litauluka n'kukakodwa pa waya pafupi ndi mtengo, aMaloko analitola ndi kamtengo, analiika pa tebulo, n'kufunsa kuti kodi tsitsi limayenda lokha. Tiyi wa Chete anayamba kumusiya azizire, n'kumati ayambe wamwako mwini wake wophika.

"Kodi kwanu mitengo imabereka bwinobwino?" anafunsa tsiku lina akusankha nyemba, maso ali mu lichero.

Chete anati kwawo kulibe mitengo, ndi nyumba ya lendi.

"Ehe," anatero aMaloko, ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

Lolemba m'mawa Chete atatuluka kubafa anapeza sutikesi yake, imene inkakhala pamwamba pa wodulopu, ili m'kakhonde ka m'nyumba, yopukutidwa fumbi bwinobwino. Apongozi ake anali ataima pambali pake.

"Inu amake mwana, ine sindikunena kuti mwachita kanthu. Ndikungoti mtengo uwu unali bwino musanabwere. Amuna anu akafika Loweruka ndiwauza kuti mukapumeko kwanu, tione ngati mtengo uchire."

Chete anangoti, "Chabwino, amayi." Koma ankadziwa kuti kupuma kotereku kulibe tsiku lobwerera. Mtengo suchira pa sabata. Kwawoko mayi ake anamwalira, bambo ake anakwatira wina, ndipo chipinda chinali chimodzi, chogawa ndi nsalu pakati. Ankadziwanso mwamuna wake. Anali munthu wabwino, wobwera ndi sopo ndi zidole, koma pamaso pa mayi ake mawu ankamuthera pakhosi.

Zenera la chipinda chake linkayang'ana kumtengoko. Poyamwitsa ankakhala pa bedi n'kumauyang'ana, mwina chifukwa kunalibe kwina koyang'ana. Nthawi zina ankadzifunsa ngati sopo wa matewera angasinthedi chipatso, kapena ngati alipodi anthu a dzanja loipa osadzidziwa, iye n'kukhala mmodzi wa iwo. Akuyang'ana choncho anayamba kuona kuti mtengowo sunali wofanana thupi lonse. Panali mathunthu atatu owongoka ngati mapolo, a khungwa losalala, atazunguliridwa ndi waya wadzimbiri m'munsi. Amenewa ndiwo anatalika kupitirira denga, a minga yaitali ngati chala, masamba otuwirako, ndipo tinsonga tawo tatsopano tinkatuluka tofiirira. Zipatso zowawasa zonse zinali pa amenewa. Pakati pawo, mumthunzi, panali thunthu lakale lopindika, lodzadza zitsa za nthambi zodulidwa. Linatsala ndi nthambi imodzi yokha yopendekera kukhoma, ya masamba obiriwira moderako, yopanda minga yooneka, ndipo inali ndi tizipatso tinayi tosalala, tobulungira, tosapsa.

Kupita pafupi sakanatha, phazi likanamuulula. Koma Lachiwiri kunawomba mphepo, masamba ena n'kugwera pa khonde. Posesa anatola awiri, lotuwa ndi loderako. Anawafikisa m'manja, lina kumanja lina kumanzere, n'kununkhiza. Lina linkanunkhira ngati sopo wotsukira mbale. Linalo linkanunkhira ngati zala za munthu amene wangosenda lalanje. Sanadziwe tanthauzo lake. Anatolanso ena awiri n'kuwaika m'kabuku ka sikelo ka mwana.

Lachitatu linali tsiku la sikelo. Pa njira yopita kuchipatala, m'mbali mwa khoma la malo omwetsera mafuta, pankakhala bambo wina wogulitsa mbande. Machubu akuda ankawandandalika m'mizere, mapeyala uku, mango uku, maluwa kutsogolo. Chete anali atadutsapo kambirimbiri osaima. Tsikuli pobwerera anaima, chifukwa anaona bamboyo, wa imvi ndi chipewa chong'ambika, akucheka kamtengo kabwinobwino ndi lezala. Anacheka khungwa mopingasa, kenako motsitsa, analitsegula ngati kolala ya shati, n'kulowetsamo kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo. Anakulunga ndi kansalu ka pulasitiki n'kutenga chubu china.

Anaima nthawi yaitali, mwana ali kumsana, mpaka bamboyo anadzutsa mutu.

"Mayi, kuyang'ana n'kwaulere, koma mthunzi wanu ukundinyentchetsera mbande. Mugula kapena mukufuna ntchito?"

Chete anafuna kuthawa. M'malo mwake anatsegula kabuku kaja n'kupereka masamba awiri aja ndi manja awiri. Bamboyo anawafikisa, ananunkhiza, n'kunena kuti ili ndi ndimu, ili ndi lalanje, funso lina. Chete anati ndi a mtengo umodzi. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati mwini mtengo anamwalira kapena anasamuka.

Anamukhazika pa chidebe n'kumufotokozera, manja akugwirabe ntchito. Anati lalanje lokoma ndi bwana, mizu yake ndi yaulesi, imaola msanga ndipo chilala sichiipirira. Ndimu yokhakhala ija ndi yolimba, imamera ngakhale pa miyala. Ndiye anthu amafesa njere za ndimu, kamtengo kakafika kukula kwa pensulo amatenga diso pa nthambi ya lalanje lokoma, kaja kamatupa pamene tsamba lagwirana ndi nthambi, n'kulilowetsa pansi pa khungwa la ndimuyo. Pakatha masabata atatu, diso likagwira, amadula mutu wa ndimu. Kumeneko ndiye kumezanitsa. Miyendo ndi ya ndimu, mutu ndi wa lalanje.

"Koma ndimu siiwala kuti inadulidwa mutu," anatero. "Chaka ndi chaka imatulutsa mphukira m'munsi, pansi pa pamene anamezanitsa. Mwini mtengo amazibudula ndi chala zikadali zanthete. Mukazisiya, zimamwa madzi onse, zimatseka dzuwa, lalanje limafa ndi njala pa mizu yomweyo. Kafukuleni patsinde, mukapeza chipsera ngati bondo. Chilichonse chotuluka pansi pa bondolo mukadule. Chonse, musakasiye n'chimodzi chomwe."

Anati angathe kubwera ndi sowo Lamlungu. Chete anakana msanga. Bamboyo anamuyang'ana, anaoneka ngati wamvetsa, n'kutola kambande kena kopindika kamene anati palibe angakagule. Anamuonetsa pamene panali chipsera, ndi kamphukira ka ndimu kotuluka pansi pake, n'kumuuza kuti akaonetse kunyumba.

Nkhani inafika iye asanafike. Mkazi wa telala anali atadutsa pa minibasi n'kumuona pa mbande paja. Chete atatsegula geti anapeza apongozi ake atakhala pa mpando moyang'ana geti lomwelo, manja ali pa mawondo.

"Sikelo ya lero inali pa malo omwetsera mafuta?"

Chete anaika kambande kaja pansi.

"Mwamuna ali pa msewu, mkazinso ali pa msewu. Atakhala pa chidebe, akusekedwa ndi mwamuna wa eni. Mpaka mphatso." AMaloko anakaloza ndi chala cha kuphazi. "Ndipo akuti munamupatsa masamba. Masamba a mtengo uti? Akawachite chiyani?"

Mawu onse amene Chete anawakonza m'njira anabalalika. Anati ndi ndimu, anati pali bondo, anati miyendo, ndipo iye mwini anamva kuti zikumveka ngati za munthu wozungulira mutu. AMaloko anati zakwana, milandu tsopano ndi iwiri, Loweruka silili kutali. Kambandeko anakatenga ndi nyuzipepala, osakakhudza ndi dzanja, n'kukatsekera m'kachipinda ka makala ngati umboni.

Lachinayi sanalankhulane. Chete anapinda zovala za mwana n'kuziika pa bedi, koma m'sutikesi sanaziike. Anachapa, ananyamula beseni kupita kumsewu, anabwerera. Mkazi wa telala anamupatsa moni wokoma kwambiri pa mpanda.

Lachisanu kutangocha anabereka mwana, anatenga supuni yakale, n'kupita kuseri. Anaima m'mphepete mwa dothi losesedwa lija kwa kanthawi. Kenako anaponda. Anayenda mpaka patsinde, mapazi ake akutsala m'mbuyo oonekera bwino, zala zonse zisanu, n'kugwada. Kusesa kwa zaka zinayi kunali kutaunjika dothi patsindepo ngati kachulu. Anayamba kufukula ndi supuni.

Anamva makiyi akubwera, kenako makiyiwo anasiya kulira.

"Ndaponda dala, amayi," anatero osatembenuka. "Mawa ndipita. Koma tabwerani muone kaye."

AMaloko anabwera, mwina pofuna kuona chimene akukwirira. Panalibe chokwirira. Dothi litachoka, thunthu lakale lija linaonetsa potupa pozungulira, khungwa la pansi losiyana ndi la pamwamba, mzere uli pakati ngati msoko. Mathunthu atatu owongoka aja onse ankatulukira pansi pa msokowo. Chete analoza ndi supuni n'kunena zimene anamva kwa bambo wa mbande, pang'onopang'ono, maso ali pa dothi. Ulendo uno zinatuluka mwadongosolo. Anathyola masamba awiri kuti apongozi ake anunkhize.

AMaloko sanawalandire. Anati akudziwa bwanji zimene wapaka m'manja. Anamuuza kuti akaime uko, kukhoma. Anakasamba m'manja pa mpopi, anatsekanso loko, anabwera n'kuthyola okha tsamba pa thunthu lowongoka. Ananunkhiza. Anathyola la pa nthambi yakale ija. Ananunkhiza nthawi yaitali. Anabwereza ndi masamba ena, kawiri, katatu. Kenako anakatsegula kachipinda ka makala, anatulutsa kambande kaja, ulendo uno ndi manja, anakaika pafupi ndi tsinde n'kumayang'ana uku ndi uku. Pomaliza anathyola kamodzi mwa tizipatso tinayi tija n'kukaboola ndi chikhadabo. Kanali kosapsa, koma fungo linafika mpaka kukhoma kumene kunali Chete.

AMaloko anakhala pa njerwa. Mwana anayamba kudandaula kumsana, Chete n'kumamugwedeza osachoka pamene anauzidwa kuti aime.

Atalankhula, aMaloko sankalankhula kwenikweni ndi iye. Anati malemu Lamlungu lililonse ankanyonyomala patsinde pomwepa n'kumatsinatsina, iwo n'kumaganiza kuti akubisa ndudu. Anafufuzapo kawiri osapeza kanthu. Sanawafunse, ndipo bambowo sanali munthu wofotokoza. Maliro atatha, mvula yoyamba itagwa, patsindepo panatuluka timphukira titatu tofiirira tonenepa. Iwo anati ndi bambo akuwapatsa moni. Anatizinga ndi waya kuti nkhuku za telala zisajomphe, ankatithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo mdzukulu wina atathyola kansonga anamukwapula. Nthambi zakale zitayamba kufooka anaziona ngati zokalamba zolanda chakudya cha ana, ndiye chaka chilichonse ankadulako imodzi, ziwiri. Yotsalayi inapulumuka chifukwa inali kukhoma, chikwanje sichinkafikako bwino.

Anayang'ana zitsa zija chimodzichimodzi.

Kenako anafunsa kuti, "Munthu wa mbandeyo ali ndi zaka zingati?"

"Ali ndi imvi, amayi."

"Imvi n'chiyani? Malemu analinso nazo."

Komabe anadzuka, anasankha kiyi wina wamng'ono amene Chete anali asanaonepo akugwira ntchito, n'kukatsegula bokosi la zipangizo za malemu. Munali sowo yokulungidwa m'nsanza ya mafuta. Anati adule awiri, limodzi litsale, kuti ngati munthu uja wanama asatsale opanda mtengo. Chete ananena kuti bambo uja anati onse. AMaloko anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kanali koyamba kuti mtsikanayu awabwezere mawu.

"Lalanje likafa, mudziwe kuti ndi inu."

"Chabwino, amayi."

Anadula mpaka dzuwa kufika pamutu, mwana atamugoneka pa mphasa pa khonde. Chete ankacheka, apongozi ake ankakoka nthambi ndi chingwe kuti zisagwere pa denga kapena pa nthambi ya lalanje ija. Minga inawakanda onse awiri m'mikono. Telala anasuzumira pa mpanda n'kufunsa ngati msomali uja wapezeka, aMaloko n'kumuuza kuti asamale nkhuku zake. Atamaliza, kuseriko kunawala ngati achotsa denga, ndipo pakati panatsala chinthu chopindika, chonyansa, cha nthambi imodzi ndi tizipatso titatu. Mandimu anadzadza mabeseni awiri.

Dalaivala anafika Loweruka masana ndi jumbo ya sopo. Anapunthwa pa sutikesi m'kakhonde n'kufunsa kuti akupita kuti ndani. Chete anali kukhitchini, mpeni uli m'manja, anyezi ali pa thabwa, osadula.

"Mphemvu," anatero aMaloko. "Ndimati ipitidwe mphepo."

Atazungulira kuseri anabwerera maso ali pamtunda, kufunsa kuti wawononga mtengo wa bambo ndani.

"Ine ndi akazi ako. Uli ndi funso lina?"

Analibe.

Sutikesiyo sinabwerere pa wodulopu tsiku limenelo. Anangoikankhira kuseri kwa chitseko, ndipo inakhala pamenepo miyezi itatu, Chete akuilambalala pokolopa. Mchere unakhalabe m'kabati. Mvula itayamba, thunthu lakale lija linatulutsa timphukira pamwamba pa msoko, tobiriwira, topanda kufiirira. AMaloko anatsina kansonga ka kalikonse n'kununkhiza. Madzulo ake anauza Chete kuti chisutikesi chakecho chikutchinga njira, kodi chilibe malo ake.

Kwa bambo wa mbande anapitako okha, ndi ambulera, atavala za kutchalitchi. Anakaima pamenepo ola lathunthu akumufunsa mafunso ngati wapolisi, n'kumuuza kuti acheke akuona, abwerezenso, abwerezenso kachitatu. Pobwera anati munthuyo pakamwa mpoyipa koma manja ake sanama. Njere za mandimu aja anali atazisunga. Anamuuza Chete kuti azifese m'zitini za mkaka wa mwana, ndipo zitamera anazimata manambala ndi utoto wa zikhadabo kuti wina asasinthe.

Chaka chisanathe miyendo inayamba kuwatupa, shuga anakwera, ndipo anagwa kawiri pa bafa. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, amene ankakhala pafupi ndi chipatala chachikulu, anati sangawasiyenso kutali. AMaloko anakana mwezi wathunthu, akuti akufuna kuwachotsa kuti agulitse nyumba. Atagwa kachitatu anavomera.

M'mawa wonyamuka, galimoto ili pa geti, katundu atakwezedwa kale, anati awatengere mpando kuseri. Mbande za ndimu zija zinali zitafika kukula kwa pensulo. Anasankha zitini ziwiri, nambala 4 ndi nambala 9, n'kuuza mwana wawo wamkaziyo kuti azikhazike pa mpando wa kutsogolo, osati kumbuyo ndi matumba. Mwamuna wa Chete anatenga mpeni kuti awadulire kanthambi ka lalanje kokamezanitsa kumeneko.

"Iwe siya. Sudziwa kumutu ndi kumiyendo. Adule amake mwana."

Chete anasankha kanthambi kobulungira, kokhwima pang'ono, ka maso asanu ndi limodzi. Anadula, anachotsa masamba n'kusiya timapesi take, anakakulunga m'kansalu konyowa. AMaloko anamasula kansaluko, anawerenga maso, anatola tsamba limodzi mwa ogwa aja n'kununkhiza, kenako anakulunganso n'kuika m'chikwama cha m'manja. Mlamu wake wa Chete, mphunzitsi uja, anali akuyang'ana wotchi, akuti msewu udzadza.

Anawakweza m'galimoto movutikira, mwendo umodzi kenako wina. Injini italira, anagogoda pa galasi. Chete anayandikira, mwana ali m'chiuno, akuganiza kuti mwina akufuna kutsanzika mdzukulu. AMaloko anatsitsa galasi pang'ono, pongokwana dzanja.

"Inu amake mwana, thamangani pa okala mukandigulire lezala. Yatsopano, ya m'pepala lake. Musatsegule, ndikatsegula ndekha."